Mipando Iŵiri ndi Kamera



Mlendo akafika pakhomo, asanamwe madzi ndiponso asanafunsidwe za kumene wachokera, amayamba wapatsidwa pokhala. Aliyense wa ife adziŵa kuti pokhalapo pamaulula zambiri. Wina amamtulutsira mpando wandalema umene amakhalapo mwini khomo yekha, wina amamuyalira mkeka pakhonde, pamene wina amangomulozera njerwa kuti akhalepo. Mau asanatuluke m'kamwa, mlendoyo amakhala atadziŵa kale kuti akuyesedwa yani pakhomopo. Nkhani yathu ya lero ikukhudza anthu amene ntchito yawo ndiyo kufunafuna pokhala mlendo woti aonedwe ndi anthu miyandamiyanda pa wailesi ya kanema, pamodzi ndi matebulo, makatani, mabuku ndi maluŵa zimene zimaoneka pamene munthu alikufunsidwa mafunso. Ambiri timayesa kuti zimenezi nzongokometsera. Koma mbiri ya zaka pafupifupi 90 ikuonetsa kuti kaŵirikaŵiri mpando umene wasankhidwa ndiwo umagamula ngati kukumanako kukhale macheza kapena mlandu.

Ife a wailesi ya mau okhaokha tili ndi mwayi pa nkhani imeneyi, popeza mipando yathu imapangidwa m'mutu mwa womvera. Pa 12 Malichi 1933, patangopita masiku 8 chilumbirireni, Pulezidenti Franklin Roosevelt wa ku America adayankhula pa wailesi kufotokozera anthu ake chifukwa chimene mabanki adatsekedwera ndi mmene adzatsegulidwirenso. Adayankhula modekha, ngati kholo likuuza ana, ndipo posakhalitsa nkhani zake zotere zidayamba kutchedwa macheza a pamoto. Adayankhula chomwechi nthaŵi pafupifupi 30 kufikira chaka cha 1944. Mabanja ankamuona m'maganizo mwawo alikuotha nawo moto, koma zoona zake nzakuti iye ankakhala patebulo lodzaza ndi mamaikolofoni, pansi pali zingwe zokhazokha, amisiri a mawailesi atamuzungulira. Moto uja sudafune nkhuni ngakhale imodzi.

Kanema atabwera, mwayi umenewu udatha. Chimene wailesi inkangochitchula, tsopano chidayenera kugulidwa, kubwerekedwa kapena kukhomedwa ndi kalipentala. BBC idayamba kuonetsa kanema tsiku ndi tsiku pa 2 Novembala 1936 kuchokera ku Alexandra Palace, kumpoto kwa London, ndipo imodzi mwa mapologalamu ake oyamba idali Picture Page, mmene anthu osiyanasiyana ankabwera kudzafunsidwa. Pologalamuyi inkayamba ndi mai wina wa zisudzo wochokera ku Canada, Joan Miller, atakhala pa makina olumikizira matelefoni, akuchita ngati alikulumikiza woonera ndi mlendo. Makinawo adali oseŵeretsa chabe. Ndiganiza kuti akonzi ake ankaona kuti munthu wachilendo sangangotulukira m'chipinda chochezera cha eni ake popanda womupereka, motero adabwereka chinthu chimene anthu ankachidziŵa kale, telefoni, kuti chikhale ngati kuodira.

Zaka za m'ma 1950 zidabala njira ziŵiri zosiyana kotheratu, ndipo zonse ziŵiri zikali ndi moyo mpaka lero.

Njira yoyamba idachokera ku New York. Mu Okutobala 1953, Edward R. Murrow, mtolankhani amene adatchuka poulutsa mau kuchokera ku London mabomba alikugwa pa nkhondo yachiŵiri, adayamba pologalamu yotchedwa Person to Person pa kanema wa CBS. Iye ankakhala pa mpando wawofuwofu m'situdiyo yokonzedwa ngati chipinda chochezera, ndudu ili m'manja, nkumayang'ana pa chinthu chooneka ngati zenera lalikulu. Pazenerapo pankaoneka mlendo ali m'nyumba mwake, mwina pa mtunda wa mamailosi mazanamazana. Katundu wa m'nyumbayo ndiye ankayendetsa macheza: mlendo ankanyamuka kukaonetsa zithunzi za pakhoma, mabuku ake, mphatso zimene adalandira. John Kennedy ndi mkazi wake Jacqueline adaonekera mwezi womwewo wa Okutobala, atangokwatirana kumene. Mu Febuluwale 1959 Fidel Castro, atangolanda boma la Cuba, adaonekera atavala zovala zogonera, mwana wake wamwamuna ali pambali. Munthu amene anthu ankamudziŵa ndi yunifomu ya nkhondo ndi mfuti adasanduka tate wa pakhomo kwa mphindi zingapo, ndipo zidatheka ndi zovala zogonera basi.

Komabe tisanamizidwe. Kuti nyumba ya munthu ioneke ngati yongopezedwa mmene imakhalira, pankafika magalimoto odzaza ndi makamera, nyali ndi zingwe, amisiri nkusuntha mipando, ndipo mlendo ankayeseza njira yoyenda kuchoka chipinda china kupita china. Odzudzula ankati Murrow, amene ankadziŵika ndi mafunso obaya, m'pologalamuyi ankangosisita alendo ake. Ine ndikuona kuti vuto lidali pa malo. Nkovuta kupanikiza munthu ndi mafunso uli m'nyumba mwake, iye alikukuonetsa chithunzi cha agogo ake.

Njira yachiŵiri idachokera ku London, ndipo idachotsa zonsezo. Pologalamu ya BBC yotchedwa Face to Face idayamba mu Febuluwale 1959 ndi kutha mu 1962. Mkonzi wake adali Hugh Burnett, ndipo wofunsa adali John Freeman, amene adakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo ndipo pambuyo pake adadzakhala kazembe wa Britain ku India ndi ku America. M'situdiyo mwawo mudali mipando iŵiri, mdima kumbuyo, ndi nyali zoŵala kwambiri zolunjika pa nkhope ya mlendo. Freeman mwini wake sankaoneka nkhope. Kamera inkaima kumbuyo kwake, moti oonera ankangoona phewa lake kapena nkhongo, nthaŵi zina utsi wa fodya. Nkhope ya mlendo ndiyo inkadzaza galasi lonse, thukuta, kuphethira ndi kunjenjemera kwa milomo zonse zili poyera. Mlendo adalibe tebulo lobisalako, adalibe chithunzi choti aloze kuti nkhani itembenuke.

Mu Sepitembala 1960 padakhala Gilbert Harding, munthu wa pa kanema amene a ku Britain ankamudziŵa ngati waukali ndi wosaopa munthu. Freeman atamufunsa ngati adakhalapo pafupi ndi munthu amene alikumwalira, Harding adakumbuka mai ake, mau adamthina pakhosi, misozi idalengeza m'maso. Patapita miyezi iŵiri iye adagwa ndi kumwalira pafupi ndi likulu la BBC. Anthu adakangana kwa nthaŵi yaitali ngati kufunsa kotere kudali chilungamo kapena nkhanza. Koma onani kuti pamene akonziwo adapita kukafunsa Carl Jung, katswiri wa za maganizo, mu 1959, adamupeza kwawo ku Küsnacht pafupi ndi Zürich, ndipo nkhalambayo idayankha momasuka ngati mwini mudzi. Wofunsa adali yemweyo, malo ndiwo adasintha.

Mwa alendo 35 a pologalamu imeneyi mudali Bertrand Russell, Mfumu Hussein ya ku Jordan ndi Martin Luther King. Mudalinso atatu a mbali yathu ino ya Africa. Dr Hastings Kamuzu Banda adatulutsidwa m'ndende ya Gwelo, kumene lero kukutchedwa Gweru, pa 1 Epulo 1960, ndipo mwezi womwewo usanathe adakhala moyang'anana ndi Freeman. Chaka chomwecho adafunsidwanso Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene Dr Banda ankalimbana nacho, ndipo mu 1961 padabwera Jomo Kenyatta, nayenso atangomasulidwa. Apa mpando wosakongoletsawo udagwira ntchito imene mwina akonzi sadaiganizire. Munthu amene mwezi wathawo adali mkaidi wa boma la atsamunda, ndi munthu amene ankalamulira Chitaganya, adalandiridwa mofanana ndi kuonetsedwa mofanana, popanda mbendera kapena tebulo la ofesi loti likweze mmodzi. Anthu a ku Britain adaŵaona onse aŵiri m'nyumba zawo. A ku Nyasaland sadaone kalikonse, popeza kuno kanema adafika patapita zaka 39.

Tsopano tibwerere ku America, ku mipando imene idatchuka kuposa yonse. Usiku wa pa 26 Sepitembala 1960, mu situdiyo ya WBBM ku Chicago, John Kennedy ndi Richard Nixon adakumana pa mtsutso woyamba wa pa kanema wa anthu opikisana pa upulezidenti. Oonera adaposa 65 miliyoni. Mkonzi adali Don Hewitt, ndipo woyendetsa mtsutso, Howard K. Smith, adakhala pakati pa kathebulo kakang'ono, opikisanawo wina uku wina uku. Mipando imene adakhalira idali yamatabwa, yochokera ku Denmark, yopangidwa ndi Hans Wegner mu 1949. Wegner adali mwana wa wosoka nsapato amene adaphunzira ukalipentala ali mnyamata, ndipo mpando wakewo uli ndi matabwa opindika ochirikiza msana ndi mikono yomwe, miyendo inayi, ndi pokhalira, basi. Ulibe pobisala. Wokhalapo amaoneka thupi lonse, ndipo Kennedy adaoneka atapingasa miyendo mwaufulu pamene Nixon adaoneka womangika. Kuchokera usiku umenewo mpandowo udadziŵika pa dziko lonse, ndipo ukupangidwabe ku Denmark mpaka lero.

Chimene chidapweteka Nixon koposa chidali khoma la kumbuyo. Kanema wa usiku umenewo adalibe mitundu, zonse zinkaoneka zakuda, zoyera kapena zotuŵa. Alangizi a Nixon adamva kuti khomalo lidzakhala lotuŵa moderako, motero adamulangiza kuvala suti yotuŵa moyererako kuti aoneke bwino. Atafika adapeza kuti khomalo ndi loyererako kuposa mmene adauzidwira. Adaumiriza kuti lipakidwenso penti, ndipo lidapakidwa kangapo, koma penti ikauma inkayereranso. Zotsatira zake, Nixon adasungunukira m'khoma, pamene Kennedy ndi suti yake yakuda adaoneka ngati wojambulidwa ndi inki. Onjezani kuti Nixon adali atangotuluka m'chipatala ndi bondo lotupa, ataonda, ndiponso atakana zodzola za akatswiri, nkungopaka paudala wobisa ndevu amene adayenda ndi thukuta.

Pali nkhani imene ife a wailesi timakonda kuikamba, yakuti amene adamvera mtsutsowu pa wailesi adati wapambana ndi Nixon, pamene oonera kanema adati ndi Kennedy. Nkhaniyi ndi yokoma m'khutu, koma akatswiri amene adaifufuza pambuyo pake adapeza kuti idatsamira pa kafukufuku mmodzi wa anthu ochepa, ndiye tisaitenge ngati lemba. Chodziŵika nchakuti pa chisankho cha Novembala chaka chimenecho, pa mavoti oposa 68 miliyoni, aŵiriŵa adasiyana ndi mavoti osakwana 120,000, ndipo kuyambira pamenepo andale ambiri a ku America saloŵa m'situdiyo asanatume anthu awo kukaona mtundu wa khoma ndi msinkhu wa mpando.

Za tebulo ndingodutsapo mwachangu. Pologalamu ya usiku ya NBC yotchedwa Tonight, imene idayamba ndi Steve Allen mu 1954 ndipo Johnny Carson adaiyendetsa kuchokera mu 1962 mpaka 1992, idazoloŵeretsa dziko kuona mwini pologalamu ali kuseri kwa tebulo, mlendo pa mpando pambali pake, ndi sofa yosunthirako mlendo wakale wina akafika. Ife amene tidadzera ku sukulu ya uphunzitsi tidauzidwa kuti tebulo la mphunzitsi ndi mpanda, ndipo ukafuna kuti mwana wamanyazi ayankhule, tuluka kuseri kwake. Pa kanema ndi chimodzimodzi. Wa kuseri kwa tebulo ali ndi pobisa mapepala, mawondo ndi mantha ake, mlendo alibe.

Panalinso mpando wina umene udapangidwira kuopseza. Mu 1972 BBC idayamba mpikisano wa mafunso wotchedwa Mastermind. Woyambitsa wake, Bill Wright, adali msilikali wa m'ndege za nkhondo amene adagwidwa ndi a Germany, ndipo adakumbukira mmene ankamufunsira mafunso ali mkaidi. Adaika mpando umodzi wakuda wachikopa pakati pa mdima, nyali imodzi ili pamwamba pake. Magnus Magnusson, amene adafunsa mafunsowo zaka 25, adapatsidwa mpandowo ngati mphatso mu 1997.

Chaka cha 1977 chidaonetsa zinthu ziŵiri zoyenera kuziika pamodzi. Pa 2 Febuluwale, Pulezidenti Jimmy Carter, atangokhala masabata aŵiri pa udindo, adafuna kubwereza macheza a pamoto a Roosevelt pouza anthu kuti asamale mafuta ndi magetsi. Koma popeza tsopano anthu ankaona, moto udayenera kusonkhedwa weniweni, ndipo iye adakhala pambali pake m'chipinda cha mabuku cha ku White House atavala juzi m'malo mwa jekete. Patapita zaka zambiri, anthu ankakumbukira juziyo kuposa mau ake.

Mwezi wotsatira, David Frost wa ku Britain adayamba kufunsa Richard Nixon, amene adali atatula pansi upulezidenti mu Ogasiti 1974 chifukwa cha mlandu wa Watergate. Frost adalipira madola 600,000 kuti Nixon avomere. Poyamba adafuna kujambulira kunyumba kwa Nixon ku San Clemente, m'mphepete mwa nyanja ku California, koma amisiri adapeza kuti makina a wailesi a asilikali olondera gombe, amene adali pafupi, ankasokoneza zida zawo. Motero adachita lendi nyumba ina ku Monarch Bay, ya munthu wotsatira Nixon, naikamo mipando iŵiri yawofuwofu moyandikana. Adajambula masiku 12, maola oposa 28, ndipo gawo loyamba litaonetsedwa pa 4 Meyi lidaonedwa ndi anthu pafupifupi 45 miliyoni. M'menemo Nixon adavomera kuti adagwiritsa mwala anthu a ku America. Nyumba imene oonera adamuonamo idali yobwereka. Ine ndimaona kuti ngozi ya makina ija idathandiza Frost: malowo adali ofeŵa mokwanira kuti Nixon amasuke, koma sadali ake, ndiye sadathe kukhalamo ngati mwini khomo wolandira mlendo.

Ngakhale mpando wopanda munthu udapatsidwa ntchito. Wandale akakana kubwera, akonzi ena amasiya mpando wake poyera kuti dziko lione. Mu Novembala 2019, Boris Johnson atakana kupita ku mtsutso wa za kusintha kwa nyengo, a Channel 4 adaika chosema cha madzi oundana pamalo pake, ndipo chidasungunuka pang'onopang'ono anzake alikuyankhula. Ndipo mu Epulo 2021 ku Ankara, pa msonkhano ndi Pulezidenti Erdoğan, mipando yaulemu idaikidwa iŵiri yokha pamene atsogoleri adali atatu. Amuna aŵiri adakhala, ndipo mai Ursula von der Leyen, mtsogoleri wa European Commission, adatsala chiimire makamera alikujambula, mpaka adakakhala pa sofa cha patali. Zimene adakambirana tsikulo zidaiŵalika msanga, za mpando zidakambidwa masabata.

Kodi zinthu zonsezi akonzi amazitenga kuti? Kale nyumba zazikulu zoulutsira zinkadzipangira zokha. Television Centre ya BBC, imene idatsegulidwa mu 1960 kumadzulo kwa London, idali ndi chinyumba chake cha akalipentala ndi opaka penti, pamodzi ndi mosungira katundu wa mtundu uliwonse. M'mizinda ngati London ndi Los Angeles mudabukanso makampani obwereketsa mipando, nyali ndi zithunzi pa sabata. Kenaka mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, masitudiyo adatsekedwa, ndipo nduna, madokotala ndi aphunzitsi adayamba kufunsidwa ali m'nyumba zawo kudzera pa intaneti. Aliyense adasanduka wokonza malo ake, ndipo pafupifupi onse adathamangira ku chinthu chimodzi, shelefu ya mabuku. Oonera nawo adayamba kuŵerenga maina a mabukuwo m'malo momvera woyankhula. Ku Maryland, m'dziko la America, kuli kampani ya Wonder Book imene imagulitsa mabuku poyeza ndi fiti, ngati nsalu, ndipo wogula angathe kusankha mtundu wa zikuto kuti ugwirizane ndi makatani ake.

M'zaka zonsezi amisiri adaphunzira zinthu zimene sizilembedwa kaŵirikaŵiri, koma zimene aliyense wogwira kamera ayenera kuzidziŵa. Mpando wozungulira wa mu ofesi ndi mdani, popeza munthu wamantha amayamba kupeyuka uku ndi uku osadziŵa. Chikopa ndi pulasitiki zimalira munthu akasuntha, ndipo maikolofoni imatola kuliraku kuposa khutu. Sofa yakuya imameza mlendo, mawondo nkukwera, jekete nkukwinyika m'khosi, mpweya nkuchepa, moti ngakhale munthu wanzeru amaoneka ngati wagonja. Mpando wa msana wautali umatulukira kuseri kwa mutu ngati makutu. Mlendo akakhala moyandikana ndi khoma, chithunzithunzi chake chimagwera pakhomapo, ndiye amamusendeza patsogolo mapazi angapo. Galasi la chithunzi limabweza kuŵala kwa nyali. Nsalu ya mizere ing'onoing'ono imanyezimira ndi kuvina pa kanema. Wotchi ya pakhoma imaulula pamene mwadula, chifukwa muvi umalumpha kuchoka pa 10 koloko kufika pa hafu pasiti m'kuphethira kumodzi. Tambula ya madzi nayo imatero, yodzaza pano, yatheka apo, yodzazanso. Maluŵa enieni amafota ndi kutentha kwa nyali. Ndipo ife a makutu tionjezepo chathu: chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mau ngati m'tchalitchi, moti makatani, kapeti ndi mabuku zimagwira ntchito yomeza phokoso ngakhale zisaoneke pa kamera.

Kuno kwathu Television Malaŵi idayamba mu Epulo 1999, pamene anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe adali ataona kanema kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Tidachedwa, ndipo pochedwapo tidalandira mipando ya ena ili yokonzakonza. Lero si nyumba zoulutsira zokha zimene zimafunsa anthu pa kamera. Achinyamata ambiri, ndi foni ndi nyali ziŵiri, alikujambula macheza awo nkuŵaika pa YouTube ndi pa Facebook. Ena amabwereka sofa kwa obwereketsa za paukwati, ija ya golide m'mbali imene amakhalapo akwati, ena amapempha chipinda cha hotelo, ena amakapangitsa kwa akalipentala a m'mbali mwa mseu ku Ndirande kapena ku Mchesi. Sindikunyoza zimenezi. Chimene chimandidabwitsa nchakuti mipando yathu yoluka ya nsungwi, imene imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town amaigula modula nkumaitchula ndi dzina la dziko lathu, siioneka kaŵirikaŵiri pa kanema wathu, chonsecho ndi yoongoka msana, yopepuka kunyamula ndiponso yosanyezimira. Ingofunika kakhushoni kuti isalire. Mpando wa mfumu wosema uja wa matabwa aŵiri opisana, umene alendo amaukonda, ndi wokongola kuuika pakona, koma wokhalapo amagonera chagada ndipo kamera imamuona kunsi kwa chibwano. Ndipo wopangitsa mipando yatsopano afunse za mtengo wake: mlombwa ndi m'baŵa zikusoŵa, ndipo mkungudza wa pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu.

Koma funso lalikulu kwa ife ndi la msinkhu. Lamulo limene lidachokera ku London ndi ku New York likuti wofunsa ndi wofunsidwa akhale pa mipando yofanana, maso ndi maso, kuti pasakhale woyang'anira mnzake pansi. Lamuloli lili ndi phindu lake, monga taonera pa Dr Banda ndi Welensky, ndipo pofunsa nduna kapena phungu za ndalama za anthu liyenera kusungidwa ndithu. Amene wapempha kuti akafunsidwire mu ofesi mwake, kuseri kwa chitebulo chachikulu, mbendera ili pambali, akudziŵa chimene akupempha. Chikhalidwe chathu chikunena zina. Pabwalo, mfumu imakhala pa mpando ndipo ena pansi. Mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa wamkulu m'maso, ndipo mtsikana amagwada poyankhula ndi agogo. Tsono mtolankhani wa zaka 25 akapita kwa Gogo Chalo, akhale pa mpando wofanana nawo? Akakhala pansi, kodi adzatha kufunsa za malo amene adagulitsidwa popanda anthu kudziŵa? Akakhala mofanana, kodi mudzi sudzatseka pakamwa poona mwano? Akonzi ena amathetsa nkhaniyi popereka ulemu wonse kamera isanayatsidwe, kugwada, kuomba m'manja ndi kupereka moni kudzera mwa nduna za mfumu, kenaka nkupempha chilolezo chokhala pa mpando chifukwa cha ntchito. Mafumu ambiri amavomera akapemphedwa poyera, anthu awo alikumva.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi ya agogo a kumudzi amene afunsidwa za njala ya 1949, kapena za ulendo wa amuna awo ku migodi ya ku Joni. Nthaŵi zambiri ojambula amafika ndi mpando wapulasitiki m'galimoto, kapena amakabwereka wa aphunzitsi aakulu, nkuŵakweza agogowo pamenepo chifukwa miyendo ya kamera ndi yaitali. Mai amene moyo wake wonse wakamba nkhani atatambalala pamkeka, manja alikutokosa chimanga kapena kusenda nandolo, mwadzidzidzi wapezeka m'mwamba, mapazi osafika bwino pansi, manja alibe chogwira, anthu a m'tauni atamuzungulira ndi nyali. Amayankha mwachidule ngati ali kwa dokotala, ndipo ojambulawo amabwerera nkumati agogo aiŵala. Miyendo ya kamera imapindika, imatha kutsika mpaka pa msinkhu wa munthu wokhala pansi, ndipo wofunsa naye angathe kuvula nsapato nkukhala pa mkeka womwewo, lichero la nandolo lili pakati pawo.